Inde Amene Anamangitsa Amuna Anga

Amuna anga anamangidwa chifukwa cha liwu limodzi, ndipo ine ndinatha miyezi ndisakudziwa kuti liwulo ndi liti.

Ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa kampani ina ku Welshpool, kuno kudziko la azungu. Tsiku lina anakangana ndi mnzawo wa pantchito pa nkhani ya makina amene anasiyidwa osazimitsa. Ali mkati mokangana pamwamba pa nsanja, mnzawoyo anagwa n'kuthyoka msana. Iye anati anachita kukankhidwa. Amuna anga anati anaterereka yekha pobwerera chafutambuyo. Panalibe amene anaona bwinobwino. Khoti linawapeza olakwa n'kuwagamula kukakhala kundende zaka zitatu. Pamwamba pa izo kunabwera kalata yoti viza yawo yathetsedwa, akadzangotuluka adzakwezedwa ndege ya ku Lilongwe. Ana athu awiri anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Sindikanalola zoti banja ligawike pakati, choncho tinachita apilo.

Loya wa apilo anali mayi wamtali, wosaseka wamba. Ine ndinapita nditakonzeka kumuuza kuti amuna anga ngakhale nkhuku amachita kundipempha ine kuti ndiphe, koma anandidula ndisanamalize. Anati apilo si kuyambiranso mlandu. Oweruza a kumeneko safuna kumva kuti munthu ndi wabwino, amafuna kuona pamene khoti loyamba linaphonya. Ndinatuluka nditakwiya, ndikuti mayi ameneyu mtima amausiya kunyumba akamabwera kuntchito.

Anandipatsa chimulu cha mapepala, mawu onse amene analankhulidwa kupolisi ndi m'khoti. Ndinkawerenga pa basi popita kuntchito kwanga kosamalira okalamba, koma maso ankangodutsa pamwamba. Mutu unali pa tsiku lomaliza lopereka zifukwa za apilo, limene linkayandikira ife tilibe chifukwa ngakhale chimodzi chogwirika. Ndinkaopa, ndipo manthawo ndinkawamalizira pa ana powakalipira zinthu zopanda pake.

Kutatsala sabata imodzi ndinapitanso ku ofesi kwake, nditaiwala makalata ena amene anandituma. Anandiyang'ana m'manja.

"You didn't bring them?" anafunsa. Ndiye kuti, simunabweretse?

"Yes," ndinayankha.

Anatambasula dzanja kuti alandire.

"Ndati sindinabweretse," ndinatero, mkwiyo utayamba kale kukwera.

"Koma mwati yes."

"Eya, chifukwa mwanena zoona. Sindinabweretse."

Mayi uja anakoka mapepala a kupolisi, n'kutsegula mofulumira mpaka chala chake chinaima pa mzere umodzi. Wapolisi anafunsa kuti, "So you didn't push him?" Amuna anga anayankha kuti, "Yes. I told him sorry." Mzere umenewo loya wa boma anauwerenga katatu m'khoti, akuti munthu anavomera yekha, kupepesa anapepesanso. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinkangodabwa kuti bamboyu akunamiranji poyera, poti m'makutu mwanga amuna anga anali atakana.

Kwathu munthu akakufunsa kuti simunadye, umati inde, sindinadye. Kuno amati ayi. Ndipo pepani timamuuza ngakhale munthu amene wapunthwa yekha pamwala. Womasulira anamukana okha amuna angawo kupolisi kuja, ati Chingerezi anachiyamba ali sitandade yoyamba. Loya woyamba nayenso anawalangiza kuti asalankhule m'khoti, ndiye panalibe wowongola liwulo.

Loya wa apilo anapeza mphunzitsi wa zilankhulo wa ku yunivesite ku Crawley, amene analemba zonsezi mwadongosolo. Koma anandichenjeza kuti ndisayambe kuvina. Oweruza akhoza kunena kuti zimenezi zinayenera kunenedwa pa mlandu woyamba, mwayi unadutsa.

Tsiku la apilo kunali oweruza atatu. Amuna anga anaonekera pa kanema ali kundende, atawonda, maso ali pansi monga achitira pamaso pa akuluakulu. Ndinkafuna kukuwa kuti dzutsani mutu inu, kuno woyang'ana pansi amamuyesa wolakwa. Woweruza mmodzi anafunsa kuti ngati ankakana, analekeranji kukonza pamene wapolisi anapitiriza ngati iwo avomera. Patatha ola limodzi oweruzawo anati chigamulo adzapereka tsiku lina, n'kunyamuka. Miyezi iwiri yotsatira, foni ikalira ndili kuntchito, ndinkaithamangira poyesa ndi loya.

Chigamulo chitabwera, loya anandiuza kuti chakale chija chafafanizidwa, koma mlandu uyambirenso. Sikunali kumasulidwa. Adzaimanso pamaso pa anthu wamba ena khumi ndi awiri ogamula mlandu, ndipo ulendo uno adzalankhula ndi pakamwa pawo.

Loweruka ndinapita kukawaona, belo isanatuluke. Ndinayamba kuwaphunzitsa ngati mwana wa sukulu.

"Akakufunsani kuti you didn't, inu muziti no. Mwamva?"

"Ndiye ndiziti ayi pamene munthu wanena zoona?"

"Eya. Kuno ndi mmene amachitira."

Anapukusa mutu, akuseka pang'ono. Ine sindinaseke. Panali funso limene chiyambire sindinawafunsepo, poti ndinkati mkazi safunsa zotere. Tsiku limenelo linatuluka lokha, m'Chichewa.

"Abambo ake, simunamukankhe?"

Anayang'ana patebulo.

"Inde," anatero.

Ndinawamva bwinobwino. Ndikudziwa chimene ankatanthauza, ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu. Koma kwa kamphindi kochepa, ndisanapume, liwulo linandilowa m'khutu mmene linalowera kwa azungu aja, ndipo mtima unandigwa. Anadzutsa mutu n'kundiona nkhope. Anangochotsa dzanja lawo limene linali pa langa.