Nkhope pa Khoma la Kalasi

A Bulashi ali ndi zaka 63. Akazi awo anamwalira kalekale. Amalemba zikwangwani za masitolo m'kashopu ka malata kuseri kwa msika, ndipo amalera mdzukulu mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene amamutcha Kadontho.

Kadontho salankhula. Malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka zitatu. Anachira, koma mawu sanabwerere. Kumva amamva zonse. Agogo akewo anadula thabwa lopyapyala, analigawa m'timabokosi khumi ndi tiwiri, n'kujambulamo kapu ya madzi, chimbudzi, bedi, mutu wopweteka ndi zina. Mwanayo akafuna kanthu ankaloza. Popita kusukulu ankalikoleka m'khosi ndi chingwe.

Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri anali bambo wamtali, wamagalasi, wa njerewere pamphuno. Thabwalo silinamusangalatse.

"M'kalasi mwanga mulibe zidole," anatero.

Analanda, n'kulikhomera pawindo pamene panasweka galasi. Tsiku lachitatu Kadontho anafuna kupita kuchimbudzi. Anakweza dzanja.

"Nena. Pakamwa uli napo," anatero mphunzitsi.

Mwana anakodzera pabenchi. Mphunzitsi anamuimika kutsogolo, diresi lili lonyowa, mpaka belu linalira. Anzake anaseka mpaka misozi.

Amene anadzauza a Bulashi ndi mayi wosesa pasukulupo. Mawa lake a Bulashi anapita kwa ahedi.

"Mwana wotereyu sukulu yake si ino, madala," anatero ahedi. "Musungeni kunyumba."

A Bulashi sanakweze mawu. Anati zikomo, n'kutuluka. Kadontho anabisa yunifolomu kunsi kwa matiresi. Miyezi iwiri anakhala m'shopu, akutsuka mabulashi m'chitini cha palafini. Agogo ake sanatchulenso za sukulu, koma mphunzitsi uja akamadutsa panjinga ankaika bulashi pansi n'kumuyang'anitsitsa mpaka akhote.

Kenako ahedi anabwera okha. Kunali kubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro, ndipo makoma anali akuda bii.

"Mutilembere zilembo ndi manambala m'makalasi, madala. Zija munaiwala, eti?"

"Ndakalamba ine, achimwene. Ndimaiwala msanga."

Anawapatsa makiyi. A Bulashi anagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, okhaokha, chitseko chotseka. Zilembo analemba ndithu. Koma khoma lonse lakumbuyo m'kalasi yachiwiri analisandutsa thabwa la Kadontho, bokosi lililonse lalikulu ngati thireyi, penti wamafuta, wopaka katatu. Anawonjezera bokosi limodzi pakati pa chimbudzi ndi mutu wopweteka: nkhope yamagalasi, njerewere pamphuno, hamala m'manja.

Lolemba ana anaizindikira chitseko chisanatseguke chonse. Phokoso linamveka mpaka kumsewu. Mphunzitsi anayesa kupala ndi rula, rula inathyoka. Alendo analowa mphunzitsi asanapeze chophimbira. Kumbuyo kwawo kunali a Bulashi, atamugwira dzanja Kadontho, yunifolomu yositasita.

Mkulu wa alendowo anali mayi wonenepa, wosaseka. Anayang'ana khoma lonse, n'kuima pa nkhope ija.

"Bokosi ili likutanthauza chiyani, bambo?"

"Funsani mwini mawu," anatero a Bulashi.

Kadontho anayenda mpaka kukhoma. Anadziloza pachifuwa. Analoza chimbudzi. Analoza nkhope. Kenako anatembenuka n'kuloza pawindo. Thabwa lake linali pomwepo, litafufuma ndi mvula, zithunzi zikuonekabe.

"Anakhoma ndani?" anafunsa mayi uja.

Ana makumi asanu ndi limodzi analoza munthu mmodzi.

"Ndiye azule yemweyo. Pompano."

Hamala panalibe. Mphunzitsi anazula ndi manja, msomali unamung'amba chala. A Bulashi anaonerera mpaka msomali womaliza.

Masana mphunzitsi anafika kushopu, chala chomanga ndi mpango.

"Madala, chonde kafufuteni. Inenso ndili ndi ana. Mumsewu monse akundiloza."

A Bulashi anatenga thabwa lofufuma lija n'kumupatsa.

"Muno sitilankhula, aphunzitsi. Lozani."

"Madala, tisachite zachibwana."

"Lozani. Chala china chili bwinobwino."

Mphunzitsi anayang'ana timabokosi tonse, kuyambira pa kapu mpaka pa bedi.

"Chithunzi cha pepani palibe apa."

"Palibe. Sindinajambule."

"Ndiye nditani?"

"Imani pomwepo mpaka belu lilire."

M'shopumo mulibe belu. Mphunzitsi anaima, thabwa lili m'manja, anthu a mumsika akusuzumira. A Bulashi anapitiriza kulemba chikwangwani cha butchala. Kadontho anakhala pa chitini cha penti, akumuyang'ana osaphethira. Patapita nthawi mphunzitsi anaika thabwa pansi, n'kukankha njinga yake osakwera.

Ena amati a Bulashi anawonjeza. Abusa anabwera kudzawauza za kukhululuka. A Bulashi anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwaperekeza. Kukafufuta sanapite.

Mphunzitsi anasamutsidwa chaka chisanathe. Ahedi anapaka laimu pa nkhope ija kawiri, koma kukachita chinyontho imatulukanso. Kadontho ali m'kalasi yachitatu, thabwa lake latsopano lili ndi timabokosi makumi anayi. Ana ena atatu osalankhula, amene makolo ankawatsekera m'nyumba, analembetsa pasukulupo ndipo amaloza pakhoma lija. A Bulashi sanapatsidwenso ntchito kumeneko.