Mpando Wachiwiri pa Ndege ya a Stefano

A Stefano ali ndi zaka 63. Ntchito yawo ndi yomata ndowa ndi mabeseni apulasitiki pamsika wa Kamwendo. Kwawo ndi ku Kapondo, koma imvi zinawamerera ku Mavwere, pachikamwini, kwa akazi awo a Esitele.

Ndege yachidole inabwera ndi Kenny, dalaivala wa thiraki wa ku Chipata amene ankamatitsa zigubu kwa iwo. Linali bokosi lophwanyika, pamwamba chithunzi cha ndege yankhondo, m'kati tizidutswa totuwa tokhatokha.

"Madala, ine zandikanika izi. Yesani inu."

A Stefano sadziwa phuma. Ankadula kachidutswa ndi lezala, kukapala, kukamata ndi guluu, n'kudikira kuti kaume. Mvula inabwera mpaka kutha iwo akadali pa ndege. Itaima pa mateyala ake, a Esitele anasuzumiramo n'kuona kampando kamodzi.

"Ndiye mudzathawa nokha, bambo? Ine mudzandisiya ndi mbuzi?"

"Ngati nkhani ndi imeneyo, tikonza."

Anaicheka pakati ndi waya wamoto n'kuitalikitsa ndi pulasitiki ya chigubu chakale. Mpando wachiwiri anausema pa chogwirira cha mswachi. Chivindikiro cha pamwamba pa mipando anachiumba ndi botolo la madzi lofewetsa pamakala. Atapaka penti, msoko sunkaoneka n'komwe. Anaiyanika padenga la khola kuti iume. Analakwa pomwepo, kuiyanika poti aliyense wodutsa aione.

Sabata yomweyo kunadwala mdzukulu wa a Jonasi, mlongo wawo wa a Esitele. Anali malungo, ndipo mwanayo anachira ndi mankhwala a kuchipatala. Komabe a Jonasi anafika pakhomo, anthu ali pambuyo.

"Alamu, munthu wa imvi sasewera ndi chidole pachabe. Tiuzeni, imanyamuka nthawi yanji?"

"Ikanakhala youluka bwenzi ndikuthyoka msana panjinga?"

"Pabokosi pali mpando umodzi. Wachiwiriwu mwaonjezeramo ngwa yani, ngati si wonyamulira ana athu?"

"Ngwanga!" anakuwa a Esitele. "Ndinapempha ndine. Ndiye mfitiyo ndine, achimwene?"

"Khala chete iwe. Anakudyetsa kalekale."

A Jonasi ndiwo anali mwinimbumba, ndipo anagamula: a Stefano aitenthe ndegeyo ndi manja awo anthu akuona, apo ayi achoke pamudzi.

A Stefano mtima unawira. Nyumba ya a Jonasi anafolera ndi iwo. Chitsime chimene khamu lonselo linkamwa anakumba ndi iwo. Lero akuzengedwa mlandu chifukwa cha chogwirira cha mswachi. Kuitentha kunali kuvomera, ndipo mawa mwana wina akadzatsokomola adzabweranso anthu omwewa. Ankadziwanso kuti diso la a Jonasi linali pa munda wa a Esitele wa kudambo kuyambira tsiku limene apongozi anaikidwa.

"Alamu, ngati mukufuna munda, nenani kuti munda. Musanamizire pulasitiki."

"Mkamwini sayankha choncho."

"Mkamwini wayankha."

Anatsitsa ndege padenga, anaikulunga m'chitenje, anamangirira mbaula ndi zitsulo zawo panjinga. Palibe anawagwira dzanja, ngakhale aja ankamatitsa ndowa ulere. Ali pafupi kunyamuka, a Esitele anatuluka m'nyumba ndi mtolo pamutu.

"Iwe ukupita kuti? Kwanu ndi kuno," anatero a Jonasi.

"Mpando wanga uli m'chitenjemo."

Pano awiriwa akukhala m'chipinda cha lendi kuseri kwa chigayo pa Kamwendo. Ndege ili lendee pawaya, pamwamba pa benchi yomatira. Ndowa za kumudzi kuja a Stefano sazilandira, ngakhale zitumizidwe kudzera mwa ena. Munda wa kudambo a Jonasi adzalamo mtedza.