Manja Ofiira a Sekuru Mbewe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachotsetsa munthu pa pulazi ya fodya kufupi ndi Karoi, kumene ndinabadwira. Pulazi ndi momwe tinkatchulira famu, potengera anzathu Achishona. Agogo athu anachoka ku Dedza wapansi kalekale, ndipo tinkangomva kuti kwathu ndi ku Malawi, koma kwathu kwenikweni kunali kukomboni, m'nyumba za bwana. Munthu akachotsedwa ntchito, nyumba nayo inkapita tsiku lomwelo.

Komboni yathu inali yogawika pawiri ngakhale tinkatunga pa mjigo umodzi. Kunali ife akutchalitchi, ndipo bambo anga anali mkulu wa mpingo. Kunalinso a gule wamkulu, amene dambwe lawo linali m'nkhalango ya bulugamu kuseri kwa mabalani ootcheramo fodya. Tinkabwerekana mchere ndithu, maliro tinkalira limodzi, koma aliyense ankayang'ana mnzake cham'mbali. Ine ndinakula ndi diso limenelo, ndipo sindinganame kuti linandichoka.

Mu Ogasiti, sukulu titatsekera, mlongo wanga Tendai wazaka zinayi anayamba kusanza. Dovu linkangoyenderera, thukuta lili kamukamu, ndipo kadontho kakuda ka m'maso mwake kanachepa ngati kanjere ka fodya. Sabata isanathe, ana a m'nyumba zina zitatu anadwala chimodzimodzi. Namwino wa pakiliniki anawapulumutsa onse, koma ananena mawu amene anayatsa moto: ana awa si malungo, amwa chiphe. Pakomboni palibe anafunsa kuti chiphe chanji. Aliyense ankafunsa kuti ndani.

Yankho ndinali nalo ine. Masiku angapo m'mbuyomo, nditapita kukatunga madzi m'mamawa, ndinapeza Sekuru Mbewe ali okha pa mjigo. Anali mkulu wosalankhulalankhula, wosonkheza moto m'mabalani nyengo yootcha fodya, wopanda mkazi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi mkulu wa kudambwe. Manja awo anali ofiira mpaka m'zigongono, pambali pali kachitini. Atandiona anabisa manjawo kumbuyo n'kulowera kunkhalango osandipatsa moni. Ndinauza amayi, amayi anauza amayi a mvano, ndipo pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo.

Lolemba a folomani anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa pa ofesi. Anandiimiritsa pakati, ndipo ndinafotokoza zonse mosadodoma. Ndivomere kuti ndinkamva kukoma. Akuluakulu amene masiku onse ankandituma fodya wa mphuno, tsiku limenelo anali chete kumvetsera ine.

"Mudhara Mbewe, taurai, nenani," anatero a folomani. "Zofiirazo zinali chiyani?"

"Pano sindinganene. Pali amayi ndi ana."

"Saka mwavomera?"

"Sindinavomere. Ndati sindinganene."

Anzawo akudambwe anayesa kunena kuti nkhaniyo akuidziwa, si chiphe ayi, koma atafunsidwa kuti ndi chiyani nawonso anangoyang'ana pansi. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti unali utoto wopaka nkhope za gule, ndipo munthu wometa sanganene pamaso pa osameta kuti zilombo zimapangidwa ndi manja a anthu. Tsiku limenelo kukhala chete kwawo tinakutenga ngati umboni. A folomani anagamula kuti Loweruka Sekuru Mbewe akwere lole yopita ku Mhangura, tauni ya mgodi. Analibe wachibale kumeneko, ndipo analibe mapepala obwererera kumene makolo awo anachokera.

Munthu mmodzi yekha sanandiyamikire: azakhali anga anaPhiri, mlongo wawo wa bambo, amene ankasankha fodya mu shedi ndipo pakamwa pawo pankaopedwa ngakhale ndi akapitawo. M'mawa mwake anandigwira dzanja.

"Poti maso ako ndi akuthwa, tiye ukatithandize."

Mu shedi munali fungo lotsekemera lotsamwitsa, kuwala kukutsika kuchokera kudenga. Anandiikira mulu wa fodya patebulo n'kundifunsa mtundu wake. Ndinangouyang'ana kamodzi ndi kunena kuti wonsewo ndi wofiirira. Khofi linatera padzanja.

"Iwe, fodya sasankha pa mulu. Tenga tsamba limodzi, ulitambasule, ulione kuseri, lidutse. Kenako lina."

Ndinachita zimenezo masiku awiri, msana ukuwawa, zala zili zomatamata. Mu mulu umene ndinautcha wofiirira munatuluka wachikasu, wamawanga, wobiriwira, wina wopserera m'mphepete. Lachitatu poweruka, azakhali akupukuta manja pa chitenje, analankhula osandiyang'ana.

"Pa chibhorani, pa mjigo paja, timamwa tonse, ine, iwe, folomani. Nanga bwanji odwala ndi nyumba zinayi basi? Ine handizive. Koma mulandu wausankha pa mulu, mwana wa achimwene."

Mawu amenewo anandisowetsa mtendere. Lachinayi ndinayenda m'nyumba zinayizo imodziimodzi, ndikunamizira kuzonda odwala. Sindinkadziwa chimene ndikufuna. Ndinkangoyang'ana mbale, ndowa, mitsuko, ngati masamba aja. M'nyumba yachiwiri ndinaona chigubu chachikasu pakona, chofanana ndi chathu. M'nyumba yachitatu chinalimonso. M'yachinayi chimodzimodzi, ndipo zigubuzo ndinkazidziwa bwino.

Bambo ndiwo ankapopera mankhwala ku nazale ya fodya. Zigubu zikatha mankhwala zinkayenera kubooledwa ndi kukwiriridwa, koma zinali zolimba, zokhala ndi chotsekera chabwino, ndipo bambo anaona kuti kutaya n'kuchimwa. Anazitsuka katatu ndi sopo ndi phulusa, n'kugawira anzawo atatu a mumpingo. Amayi a m'nyumba zonse zinayi ankathiramo thobwa losiyira ana aang'ono makolo akapita kuntchito. Nditafika kunyumba ndinatsegula chathu n'kununkhiza. Pansi pa fungo lowawasa la thobwa panali fungo lina, lija la ovolosi ya bambo.

Khoswe anali atakhala pa mkhate. Ndinaganiza za lole ya Loweruka, koma tsopano m'maganizomo munakwera ife: bambo, amayi, Tendai ndi mphasa zathu. Ndinatenga msomali n'kuboola chigubu chathu pansi, ndipo amayi anatukwana makoswe. Za zigubu zitatu zinazo sindinauze munthu. Lachisanu ndinadwala mutu wabodza kuti ndisakumane ndi azakhali.

Loweruka ndinaima m'gulu la ana kuonerera. Sekuru Mbewe anakweza bulangete, mapoto awiri ndi nkhwangwa. Asanakwere anandiona ndikulira, ndipo anabwera pamene ndinaima.

"Usalire, muzukuru. Iwe wangonena zimene unaona."

Kenako anakwera. Lole inanyamuka, fumbi linatiphimba, ndipo anthu anabalalika akunena kuti komboni yayera.

Lamulungu masana mwana wa m'nyumba yachitatu anayambanso kusanza, mfiti yathu ili kutali. Pamenepo ndinathamangira kwa azakhali n'kuulula zonse. Sanandimenye. Anangofunsa kuti ndinadziwa liti, ndipo nditanena kuti Lachinayi anakhala pansi pa dothi. Bambo atamva anapita okha kwa a folomani kukadzineneza. Anakalipiridwa, zigubu zinatengedwa, nkhani inathera pomwepo, ndipo ntchito sanachotsedwe. Kawiri konse anakwera basi kupita ku Mhangura kukafunafuna Sekuru Mbewe, koma mgodi unali ukutha, anthu akubalalika, ndipo palibe anawadziwa.

Sukulu ndinapitiriza, ndipo ndinasankha sayansi ya mankhwala chifukwa fungo la m'chigubu lija linkanditsatira. Zaka zanga zonse za kafukufuku zapita pa kabowo kamodzi. Pali mabakiteriya amene amapanga puloteni yoboola khungu la selo. Ife timatenga puloteni imeneyo n'kuiika pa kachikopa kopyapyala kolekanitsa madzi amchere mbali ziwiri, kenako timadutsitsa magetsi ochepa kwambiri pa kabowoko. Kabowoko ndi kakang'ono moti tizidutswa ta mankhwala timadutsa kamodzikamodzi. Kalikonse kakalowa kamatchinga njira pang'ono, magetsi amatsika, ndipo katsikidwe kake ndi nthawi imene kakhalamo zimatiuza kuti wadutsayo ndani. Ntchito yanga yakhala yosintha mkati mwa kabowoko kuti kazizindikira mankhwala ophera tizilombo m'dontho limodzi la madzi. Zinanditengera zaka zambiri zolephera, koma lero ophunzira amene ndinawaphunzitsa akuyesa njirayi pa madzi a m'zitsime, ndipo anthu a m'mayiko amene sindinapondeko amandilembera kufunsa momwe tinachitira.

Anzanga a mu labotale amandiseka kuti ndimakayikira ngakhale madzi a m'botolo losatsegula. Akunena zoona. Zotsatira zikatuluka zokongola, zogwirizana ndi zimene timayembekezera, ine ndi pamene ndimakwinya nkhope. Wophunzira akabwera akuthamanga kuti wapeza, ndimamufunsa kuti ndani anatsuka ziwiya, ndipo anatsuka ndi chiyani. Woyamba kumukayikira ndimakhala ine mwini ndi a m'nyumba mwanga.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti Sekuru Mbewe anachotsedwa chifukwa tinalibe chida choyezera, ndipo kuti ndikapanga chidacho mlandu wanga utha. Tsopano ndakula, ndipo ndikudziwa kuti kunali kudzinamiza. Chida chinalipo. Inali mphuno yanga, ndipo inapereka yankho lolondola Lachinayi, lole isanabwere. Kudziwa n'kosavuta poyerekeza ndi kunena pamene yankho likuloza kwanu. N'chifukwa chake zotsatira zikatuluka zotsutsa zimene ndinalemba kale, sindilola kuti zigone mu kabati. Ndimazitumiza tsiku lomwelo, manyazi ndidzachita pambuyo. Ndinasungapo yankho masiku atatu, ndipo mpaka lero sindikudziwa kumene anaikidwa munthu amene analipira.