Pikapu ya Abwana M'makande

Kamera ndinaigula kwa mkulu wina wochokera ku Joni, padoko la Kachulu. Ndinanenerera mtengo kuyambira m'mawa mpaka anthu akupita ku swala ya masana, ndipo ndinachoka ndikudziguguda pamtima kuti mkuluyo ndamudya. Nditafika kunyumba m'pamene ndinakumbukira kuti sindinamufunse potsegulira poika filimu. Ntchito yanga inali ya matemba: kugula kwa asodzi, kuyanika, kugulitsa kwa a malole. Nsomba ndinkaidziwa ndi mphuno. Kamera ndinkangoidziwa mtengo basi.

Koma ndinali nditaona chinthu. Munthu wa kwathu akafuna chithunzi chotumiza kwa abale, safuna kuima pafupi ndi bwato. Amafuna galimoto, dzanja pa boneti, ngakhale kwawo kulibe ndi wilibala yomwe. Ndinati nanenso ndidyerepo.

Galimoto yowala pa Kachulu inali imodzi: pikapu yobiriwira ya bambo wina wa kwa Mwambo, wogula nsomba za makumba n'kukagulitsa ku Zomba. Ankavala magalasi akuda ngakhale kukuwaza mvula, ndi buluku losita mpaka mzere wake ukanatha kudula nsomba. Tonse tinkawatcha abwana. Iwowo ndiwo anali oyamba kundiitana.

"Iwe wa matemba, akuti wagula makina? Bwera ujambule galimoto ya anthu."

Anaipukuta ndi nsanza mpaka inangoti mbee. Ine ndinaiimika dzuwa lili paliwombo, nyanja ili kumbuyo kwake, poganiza kuti kuwala kukachuluka chithunzi chikoma, ngati mchere m'ndiwo. Ndinaima molunjika chitseko, ndinanyonyomala, ndinadina.

Filimu inapita ku situdiyo ku Zomba, inabwera patatha sabata. Galasi lakutsogolo linali moto woyera. Nkhope ya abwana inali khala. Koma pachitseko chopukutidwa chija panaoneka bwinobwino chinthu chachifupi, chotambalala, maondo m'mbali, diso limodzi lalikulu pakati. Ndinali ine.

Abwana anaseka mpaka anavula magalasi. Chithunzicho sanachikane ayi. Anachipachika m'galimoto, ndipo aliyense wokwera ankamuonetsa. "Onani, ndinaitana wojambula, kunabwera chule wa m'dambo!" Pasanathe mwezi, azimayi oyanika nsomba akandiona ankayamba kulira ngati achule, wina uku, wina uko. Palibe amene anabweranso kudzajambulitsa. Ngakhale matemba anga anthu ankanenerera akuseka, ndipo munthu akakuseka kaye, mtengo wako wagwa kale.

Ndinalumbira kuti ndiwabwezera. Kumenya sindikanatha, abwana anali ndi thupi. Ndinakwera lole ya nsomba mpaka ku Zomba, ndinakagwada kwa mdala wotsuka zithunzi ku situdiyo kuja, m'manja muli mlamba wowamba. Mdalayo anauyang'ana mlambawo uku ndi uku asanayang'ane ine.

"Galimoto ndi kalilole, mwana wanga," anatero. "Ukaima maso ndi maso imakujambula ndiwe. Ima pakona, uone mphuno yake ndi nthiti zake nthawi imodzi. Dzuwa likhale kumbuyo kwa phewa lako, la m'mawa, lisanakwiye. Ndipo tsika pansi, tayala lioneke ngati lili ndi mphamvu."

"Kutsika pansi n'kumene kunandiputira dzina, agogo."

"Tsika pakona, osati pachitseko. Mlamba wina ukadzabwera nawo usakhale wa dzana."

Panali lole yakufa m'mphepete mwa msewu wolowera padoko, yopanda injini, nkhuku zikuikiramo. Imeneyo ndiyo inali sukulu yanga. M'mawa uliwonse ndinkaizungulira ndi kamera yopanda filimu, kudina mphepo, kuona pomwe mthunzi wagwera. Anthu ankati chule wapenga. Ine ndinkangoti mumtima, lirani, mvula ikubwera.

Inabweradi. Chaka chimenecho msewu unasanduka phala. M'mawa wina kutacha bwino mvula itagwa usiku wonse, ndikupita kukaona mpunga wanga kudambo, ndinamva injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Pikapu yobiriwira inali itamira m'makande mpaka theka la matayala, madengu a makumba ali pamwamba. Abwana, poopa kuda, anali atavula buluku ndi nsapato n'kuzipachika pachitseko. Anatsala ndi kabudula wamkati, malaya, ndi magalasi. Anali atagwada kutsogolo akumangirira chingwe, ndipo kunsonga kwa chingwecho kunali ng'ombe ziwiri zapangolo, mwini wake ali chilili ndi mkwapulo.

Kamera ndinkayenda nayo paliponse, muli filimu ya ukwati wa mlamu wanga, malo atatsala amodzi. Ndinayang'ana dzuwa. Linali kumbuyo kwa phewa langa, lofatsa. Ndinapita pakona. Ndinatsika mpaka matako anakhudza matope. Ng'ombe zitangokoka, abwana ali chogwira chingwe, kukamwa yasa, ndinadina.

Mdala wa ku situdiyo atatsuka chithunzicho anandigwira chanza. Chilichonse chinaoneka: madontho a mvula pa boneti, nyanga za ng'ombe, buluku lili lende, ngakhale chigamba cha pa kabudula.

Ojambula tonse tinkayenda ndi thabwa lomatapo zithunzi zachitsanzo kuti anthu aone dzanja lako. Langa linali ndi chimodzi chokha, pakatikati. Ndinaliimika pomwe amakwezera nsomba. Tsiku loyamba azimayi anasiya matemba akudyedwa ndi akhwangwala. Tsiku lachiwiri anthu a pachilumba cha Chisi anabwera ndi bwato kudzaona. Wina anafunsa abwana ngati ng'ombezo zimamwa petulo.

Tsiku lachitatu abwana anabwera okha, opanda magalasi.

"Achimwene, chotsani icho. Nenani mtengo."

"Sichogulitsa, abwana. N'chachitsanzo."

Anasendera pafupi, mawu pansi. "Ukudziwa chomwe wajambula? Wajambula msewu wa boma uli matope. Ukunyoza chitukuko. Ndikangouza atcheyamani a chipani, ugona kwina."

Masiku amenewo mawu otero sanali oseka. Anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa apo, osabweranso. Koma pamsika ndinaphunzira kuti wogula akakuopseza kuti apita kwina, usamugwire malaya. Ndinamatula chithunzicho pathabwa.

"Mwanena zoona. Tiyeni limodzi. Achione atcheyamani, achitumize kuboma ku Zomba, mabwana onse achione bwinobwino. Adzafunsanso kuti wa kabudulayu ndani, anaimitsa galimoto pamenepa kuti ajambulidwe."

Ndinauyamba ulendo. Nyumba ya atcheyamani inali kuseri kwa msika. Ndinkawerenga mapazi ndikupemphera zipembedzo zonse ziwiri. Ndinadutsa ogulitsa nkhuni. Ndinadutsa chigayo. Denga la atcheyamani linayamba kuoneka, ine osadziwa choti ndikanene.

"Ajambuli!"

Sindinacheuke. Woitana koyamba amakhala asanapse.

"Ajambuli, chonde, taimani!"

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Ndinati chithunzi ndiwapatsa ulere, koma akachipemphe pamaso pa azimayi oyanika nsomba, mokweza. Anapempha, manja pamodzi ngati mkamwini woswa mtondo wa apongozi. Mayi wina anati sanamve, mphepo yachuluka. Anabwerezanso.

Negativu, kafilimu kotsukirapo chithunzicho, ndinaiwotcha tsiku lomwelo kuseri kwa nyumba, chifukwa pa za msewu zija abwana sananame kwenikweni. Ndajambula magalimoto ambiri chiyambire, a maukwati, a ansembe, a mashehe, koma chithunzi chokongola ngati chimenecho sindinachitulutsenso, ndipo ndilibe choti ndikuonetseni. Abwana anasiya kugula nsomba pa Kachulu mvula isanathe. Ena amati ndinawonjeza. Ine ndimangodandaula kuti filimu inatsala ndi malo amodzi, chifukwa ng'ombe zitakoka kachiwiri abwana anagwa chagada.