Makalata a Che Saidi Ndinawataya M'zinyalala

Inu owerenga, ine ndinalakwira munthu amene anandikonda ngati mwana wake, ndipo mpata wopepesa ndilibenso. Chinandipusitsa ndi ukali wanga pa makalata osafunika a pa imelo.

Nditangoyamba ntchito ya ukalaliki, anandiponya ku Mangochi. Ndinafika ndi kachikwama kamodzi, thukuta lili kamukamu, poti kwathu ku Ntcheu kutentha kotero sitikudziwa. Amene anandilandira anali Che Saidi, mesenjala wa pa ofesi yathu, bambo wachikulire wa kwa Mponda. Ndiwo anandipezera nyumba, ndiwonso anandiphunzitsa kuyang'ana maso a chambo kuti asandigulitse chadzulo. Pa Idi ankandikokera kwawo, ine Mkhristu, n'kundikhazika pamkeka, akazi awo Abiti Ali akundiwonjezera mpunga mpaka ndipemphe chifundo. Masana tinkakhala patsinde pa mango kuseri kwa ofesi, iwo akuseka Chiyao changa chopindika. Ha, masiku amenewo ndimawasowa!

Makompyuta atabwera, Che Saidi anandikakamira kuti ndiwatsegulire imelo. Ndinawaonetsa mothamanga, mutu uli pa ntchito zina. Patapita zaka akuluakulu a kuntchito anandisamutsira ku Lilongwe, Che Saidi n'kupuma pantchito. Makutu awo anali atayamba kugontha, moti pafoni tinkangokuwizana osamvana. Ndiye ankapalasa njinga mpaka pa kafe ya intaneti pafupi ndi msika, n'kumanditumizira makalata.

Koma makalata ake! Aja oti tumizani uthengawu kwa anthu khumi pasanathe masiku atatu, mukapanda kutero muona tsoka, wina anaunyoza nyumba yake inapsa. Ndinkangowerenga mzere woyamba n'kutseka. Nthawi imeneyo imelo yanga inali itadzaza kale ndi za anthu osawadziwa, awa akuti ndawina mphoto, awa akutsatsa mankhwala a mphamvu. Zinandifika pakhosi. Mnzanga wina kuofesi anandionetsa njira yoti makalata ochokera kwa anthu amene ndawasankha azingogwera m'zinyalala, ine osawaona n'komwe. Ndinatchinga onse aja, kenako ndinati aaa, nawonso amdalawa andikwana. Ndinawaika pamndandanda womwewo, n'kumadzitama kwa anzanga kuti ndathana nazo.

Chaka chinatha. Tsiku lina anatituma ku msonkhano ku Mangochi. Ndinagula shuga ndi masamba a tiyi, n'kukwera kabaza kupita kwa Mponda. Pakhonde ndinapeza Abiti Ali okha. Anandiuza kuti amuna awo anawaika m'manda masabata atatu apitawo.

"Anakulembera kangati, mwanangu?" anandifunsa. "Ankabwerako ku kafe kuja ali wefuwefu, n'kumati mawa ayankha."

Ndinatsegula zinyalala zija pafoni pomwepo. Munatsala kalata yawo imodzi yokha, chifukwa zopitirira mwezi zimafufutika zokha. Inali ya tumizani kwa anthu khumi yomwe ija. Ndinatsika nayo mpaka pansi penipeni, pamene ndinali ndisanafikepo chiyambire. Panali mawu awa: "Mwanangu, miyendo yatupa, njinga ikundikanika. Bwera ndidzakuone."

Kani kuyamba kalata yatsopano sankadziwa. Ankangotenga yomwe yawafikira, n'kulemba zawo kumapeto, n'kunditumizira. Chaka chathunthu bambo aja ankandiuza za moyo wawo, ndipo zimene analemba m'makalata enawo sindidzazidziwa mpaka kalekale. Ndinalira pakhondepo, wamasiye ndiye ankanditonthoza.

Inu owerenga, makalata oopseza aja musawatumize kwa ena, ndipo a anthu osawadziwa atchingeni, palibe cholakwika. Koma akachokera kwa munthu amene munadya naye m'mbale imodzi, werengani mpaka pansi. Akakutopetsani muuzeni maso ndi maso, kwerani basi mukamuone akadali moyo. Ine basi ndinaikwera, koma nditachedwa ndi masabata atatu.