Makaka pa Mwala wa Mitondo

Ndikakumbukira agogo anga Eneleti, ndimamva fungo la matayala oyaka losakanikirana ndi la chinangwa chongosenda kumene. Utsi wakuda uja unkachokera kuseri kwa mudzi wathu ku Likoswe, kumene amalume Fulaisoni ndi anzawo ankaphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba ku Limbe. Ankaunjika matayala pathanthwe n'kuwayatsa, mwala ukatentha n'kuuthira madzi kuti ung'aluke, kenako tsiku lonse m'mudzi munkangomveka hamala, go! go! go! mpaka nkhuku zinazolowera.

Agogo sanali munthu wa nthano. Anali aafupi, okalipa, ndipo ukawafunsa zakale ankati, "Zakale udya? Tenga mpeni usende." Koma panali thanthwe limodzi losalala, lokhala ndi maenje ozungulira, limene sankalola ngakhale mwana kulavulirapo. Tinkalitcha Mwala wa Mitondo. Amayi awo a agogo anafika pamenepo ali kamtsikana, m'gulu la anthu othawa nkhanza ku Mozambiki. Wothawa sasenza mtondo, choncho azimayi ankasinja mapira pathanthwepo, zaka ndi zaka, mpaka mwala unakumbika. Banja lililonse linkadziwa dzenje lake.

Chaka china, zipani zambiri zitangoyamba, miyala ing'onoing'ono inatha. Amalume anagubuduza matayala mpaka pa Mwala wa Mitondo.

"Amayi, mwala sadya," anatero. "Chigayo chilipo ku Mbulumbuzi. Ndani akusinjanso apa? Ana anga akuyenda osavala."

"Iwe Fulaisoni," agogo anayankha, "amayi anga alibe chithunzi, ndipo manda awo anatitayika m'tchire. Dzenje ili ndilo dzanja lawo. Ukufuna ukaligulitse ku Limbe?"

Amalume anati mawa ayatsa basi. Koma m'mawa mwake anapeza thanthwe lonse lili mbuu ndi makaka, chinangwa choduladula choyanika padzuwa, agogo atakhala pakati pake ndi ambulera yothyoka komanso ndodo yopirikitsira mbuzi. Kwathu suyatsa moto pamene mnzako wayanika chakudya, ndipo wosesera pansi chakudya cha mayi ake amadziitanira tsoka. Amalume anangoseka. Ankadziwa kuti makaka sachedwa kuuma.

Anaumadi, koma agogo asanaanule anali atakumba kale chinangwa china. Ankati dzuwa lisatuluke thanthwe lili lamaliseche. Chokhwima chitatha anayamba kuzula chosakhwima, chowonda ngati zala, chimene chikanatidyetsa m'miyezi ya njala. Amayi anga anadandaula mpaka misozi. Inenso ndinkadana nawo mwala uja ndi mtima wanga wonse, chifukwa manja anga anachita matuza ndi kusenda. Agogo sanamve za munthu.

Munda unatha mvula isanagwe. Amalume anagula machesi poyera, kuti aliyense aone. Agogo anatenga lichero lopanda kanthu nati, "Ndikadziyanika ndekha. Ayatse ndili pomwepo." Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkawadziwa kuti sanena zocheza.

Titafika tinapeza thanthwe layera kale. Abiti Saidi, mayi wachisilamu woyandikana nafe amene ankakangana ndi agogo za mbuzi chaka chonse, anali atagwada akuyanika ufa.

"Musaganize kuti ndakukondani, anganga," anatero osadzutsa mutu. "Ufa umauma bwino pano, basi."

"Nanga ndani wakufunsani?" agogo anayankha, n'kukhala pansi kuwapirikitsira nkhuku.

Tsiku lotsatira wina anabwera ndi nandolo, wina ndi mfutso, mpaka mkazi wa amalume yemwe anayanika mphale yake pakona. Mvula inagwa matayala ali chiunjikire, n'kudzaza madzi ndi udzudzu, ndipo ogula miyala anasamukira kuphiri lina. Njala ya chaka chimenecho inatipweteka. Tinkadya kamodzi patsiku, ndipo amalume anatha miyezi osaponda pakhomo pa amayi awo.

Agogo anamwalira patapita zaka zingapo, ine nditakwatiwa kale m'mudzi momwemo. Chilimwe china ndinamva lole ikutsitsa matayala pafupi ndi thanthwe: anali anyamata a kumudzi wina, osadziwa chilichonse cha maenje aja. Sindinafunse munthu. Ndinatenga khasu, kukakumba chinangwa changa, n'kuchisenza ndili ndi mkwiyo umene ndinauzindikira kuti si wanga ndekha.

Pathanthwe ndinapezapo munthu. Anali amalume Fulaisoni, imvi zili mbuu, manja olimba ndi hamala aja akuyala makaka mosamala kuzungulira dzenje la agogo awo.

"Ukundiyang'ana chiyani?" anatero. "Tenga mpeni usende."

Ndinasenda. Mpaka lero munda wanga wa chinangwa ndimaulima mopitirira pamene banja langa lingadye, ndipo mizere yakumapeto sitiikhudza. Ana anga amadziwa kuti imeneyo ndi ya Mwala wa Mitondo.