Tsiku Limene Anandikansela

Pasipoti yanga yoyamba ndimaisunga m'kabati, pansi pa zitenje zimene sindivala. Inatha ntchito kalekale. M'kati mwake muli chithunzi cha kamtsikana ka makutu aakulu, ndipo patsamba la viza pali chidindo chodutsa chopingasa. Chidindo chimenecho ndinachiopa nyengo yonse yotentha ya chaka china kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Tinkakhala ku Dubai, dera la Al Muraqqabat, m'fulati imene tinkagawana ndi banja lina la ku Chipata. Chipinda chathu chinali ndi eyakoni, makina oziziritsa mpweya, yodontha madzi, ndipo ntchito yanga inali yotaya madzi a m'kandowa tisanapite kusukulu. Abambo ankalandira alendo pa hotela ina ku Deira. Ndiwo anatiitanitsa ine ndi amayi kuchokera ku Dedza, choncho maviza athu onse anali pansi pa dzina lawo.

Kutentha kutayamba, abambo anasiya kugona kunyumba. Amayi ankangoti ali pa shifiti. Shifiti yakeyo inatenga sabata zitatu. Nsapato zawo zakuda zinachoka pakhomo, kenako lezala, kenako kawailesi. Palibe anandikhazika pansi kundiuza kuti ukwati ukutha, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Makolo athu amaganiza kuti mwana akakhala chete ndiye kuti alibe makutu.

Makutu ndinali nawo, koma mawu amene ndinamva ndinali nditawaphunzira kale kwina. Aphunzitsi athu anali mayi wa ku India, wonunkhira mafuta a kokonati, ndipo cholembera chofiira sichinkachoka m'dzanja lawo. Ukalakwitsa samu ankati, “Kansela!” n'kukoka mzere kuchokera ngodya ina kufika ina. Tsiku lina anandikanselera tsamba lonse. Ndinawafunsa kuti tsamba lokanselidwa limatani. Anayankha osandiyang'ana n'komwe: “Siliwerengedwa. Zili ngati sunalembe.”

Ndiye tangoganizani mmene mtima wanga unachitira masana ena nditamva amayi pafoni m'khonde, akulankhula ndi achimwene awo: “Ine andikansela kale Lachiwiri. Angomukanselanso mwanayu, tizipita.”

Lero ndikudziwa zimene ankanena. Ku Dubai kukansela munthu ndi kufafaniza viza yake, ndipo akakukansela umakhala ndi masiku owerengeka oti utuluke m'dziko. Abambo anakansela amayi atakwiya. Koma ine sanandikansele, ndipo pasipoti yanga anaitsekera m'loka yawo, kakabati kokhoma ka kuntchito. Amayi ankayenera kunyamuka tsiku likakwana, kaya ndi ine kaya popanda ine. Nkhani yonse inali imeneyo. Koma ine ndinamva kuti amayi anga sakuwerengedwanso, zili ngati sanabadwe, ndipo akupempha kuti inenso andichite chimodzimodzi.

Ndinayamba kuwalonda. Ndinkayembekeza kuti azizimirira pang'onopang'ono, kuyambira zala. Akagona masana ndinkawagwira pamkono kuti ndione ngati alipo. Tikapita kogula buledi wotentha kwa bambo wa ku Pakistan pansi pa nyumba yathu, ndinkaonetsetsa ngati awaone. Ankawaona, n'kuwapatsa moni ngati kale, ndipo ine ndinkati mwina sanamve uthengawo. Pakhoma panali kalendala, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankadula tsiku limodzi ndi bolopeni. Ngakhale masiku ankawakansela. Safunsa anadya phula, koma ndikanafunsa ndani? Munthu amene ndinkamufunsa zinthu ndi yemwe ankafuna kundifafaniza.

Lachisanu lina kunabwera amalume. Anali agadi pa kampani ina, ankagona m'nyumba za kampaniyo kutali ndi tauni, ndipo anafika malaya atanyowa ngati agwa m'chitsime. Abambo nawonso anabwera, osavula nsapato. Ine anandituma kukakhala kwa anti a ku Chipata, koma khoma lake linali la thabwa.

“Alamu,” anatero amalume, “kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndine.”

“Kwanu komweko, alamu,” anayankha abambo. “Kuno mbumba ili papepala, ndipo papepalapo pali dzina langa. Mwana wanga sindimukansela. Khalas, nkhani yatha.”

Amalume anatchula za ankhoswe. Koma ankhoswe anali ku Dedza, ndipo khadi ya foni inkatha asanamalize n'kupatsana moni komwe. Amalume anabwerera ndi basi yawo, mbumba yawo atailephera.

Ine kuseri kwa thabwa ndinawakonda abambo kuposa kale lonse. M'nyumba monse munali munthu mmodzi yekha wokana kuti ndifafanizidwe. Amayi ndinayamba kuwazemba. Ndinakana kuti andiluke tsitsi. Ndinasanduka mwana wabwino mochititsa mantha: kutsuka mbale osatumidwa, kulemba mosadetsa, kudya ngakhale therere limene ndinkadana nalo. Ndinkati ndikapanda kulakwitsa kalikonse, asowa chifukwa. Anti a ku Chipata ankandiyamikira kuti, “Aka kamwana kali na nzelu maningi,” osadziwa kuti kamwanako kakupempha moyo.

Kutatsala sabata imodzi pakalendala, abambo ananditenga kukakwera abra, timaboti tamatabwa towolotsa anthu pamtsinje wa pakati pa tauni. Panali fungo la dizilo ndi nsomba, thabwa lokhalapo likuwotcha ntchafu. Tili pakati pamadzi anandifunsa ngati ndikufuna kupita ndi amayi kapena kukhala ndi iwo. Funsolo sindinalimve bwino, chifukwa ine ndinali ndi pempho langa limene ndinalisunga masiku ambiri.

“Musandikansele, adadi.”

Anandikumbatira mpaka batani la malaya awo linandidinda patsaya. “Sindidzakukansela, mami. Ndalonjeza.” Madzulo ake anaimbira amalume, anaimbira amayi, anauza ngakhale anzawo a kuhotela kuti mwana wasankha yekha.

Amayi anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinanenadi zimenezo. Ndinati eya. Sanandimenye, sanakalipe. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa zovala zanga zimene anali atalongedza kale, n'kuzibwezera pashelefu atazipinda bwinobwino. Kenako anaitana anti a ku Chipata n'kuyamba kuwaonetsa mmene tsitsi langa limafunira, ndi sopo amene amandiyabwa. Ndinkaona zonsezi koma sindinkalumikiza. Ndinkaganiza kuti ndapambana, ndipo chotsala n'kupulumutsa amayi.

Kutatsala masiku atatu, amayi anapita ku Al Warqa kukatsanzika kubanja limene ankalerako ana. Ndinatsala ndekha m'chipinda. Pasipoti yawo inali m'kathumba ka sutikesi, ndipo ndinapeza tsamba la chidindocho mosavuta. Ndinatenga labala yanga ya kusukulu, ija ya mbali ziwiri, n'kuyamba ndi mbali yofewa. Sizinatheke. Ndinatembenuza mbali yokhakhala, ndinapakapo timalovu, n'kupukuta ndi mphamvu zanga zonse. Pepala linayamba kunyenyeka, chidindo chili pomwepo.

Sindinamve chitseko chikutseguka.

“Iwe! Ukufuna kundipha?” Amayi ananditsomphola pasipotiyo. Anali ndi chifukwa, pakuti pasipoti yoonongeka ikanawatsekera m'dziko limene linali litawauza kale kuti achoke.

“Ndimafuna muziwerengedwanso,” ndinatero.

Amayi anakhala pansi, pasimenti penipeni, nsapato zili kumapazi, n'kundifunsa kuti kukansela n'kutani. Ndinawafotokozera za aphunzitsi, za cholembera chofiira, za tsamba losawerengedwa. Ndinawauzanso kuti ndimawagwira akagona. Anayamba kuseka, kuseka koipa kosamveka bwino, mpaka kunasanduka kulira. Atapukuta nkhope ndi chitenje anaimba kuhotela n'kundipatsa foni. “Uwauze abambo ako zimene wandiuza ine.”

Ndinabwereza zonse. Kumbuyo kwa abambo kunkamveka belu la pakauntala ndi anthu olankhula Chiarabu.

“Ndiye pa boti paja umatanthauza chiyani?” anafunsa abambo.

“Kuti musandifafanize.”

“Nanga amako akapita, iwe ukhala ndi ine?”

“Apita kuti osanditenga?”

Ndinamva wina akuwafulumizitsa m'Chiarabu kuti yalla, yalla, kenako foni inaduka.

M'mawa mwake anabwera ndi takisi, pasipoti yanga ili m'thumba la malaya. Panjira anayesa kundifotokozera kuti ndi pepala chabe, kuti anthu amakanselidwa tsiku ndi tsiku ndipo amakhalabe ndi moyo. Amayi anali atanenanso zomwezo. Koma mantha a masabata onse aja satha ndi ulendo umodzi wa takisi. Ndinkangomva kuti munthu amene analonjeza pakati pamadzi akunditengera kokandikansela, ndipo ndinadziwa chifukwa chake: ndinali nditalakwitsa, ndinaononga pasipoti ya amayi.

Ku ofesi ya maviza kunali kozizira kwambiri. Tinatenga kapepala ka nambala n'kudikira pamipando yolumikizana, pakati pa amuna ambiri ovala mayunifolomu a ntchito. Nambala yathu itakwana, abambo anasaina m'malo awiri. Ndinaona kuti cholembera chinawavuta, anachikutumula ngati chatha inki. Bambo wovala mkanjo woyera anakweza chidindo. Ndinatsinzina. Chinalira kuti phwa, ngati munthu wapha udzudzu patebulo.

Nditatsegula maso ndinayang'ana manja anga, zala zonse khumi.

“Waona, mami? Ukadalipo,” anatero abambo.

Panjira yonse yobwerera ndinayang'ana kuwindo.

Tsiku lonyamuka amalume anatinyamulira sutikesi, zovala zanga zitabwereramo. Pabwalo la ndege abambo anapereka pasipoti yanga kwa amayi ndi manja awiri, amayi n'kuilandira ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono, osayang'anana. Wapolisi wa pageti anayang'anitsitsa tsamba lonyenyeka lija la pasipoti ya amayi, anayang'ana amayi, kenako anatilola. Titadutsa, amayi anati, “Abaibitse abambo ako.” Abambo anali ataima kuseri kwa galasi, atavala yunifolomu ya kuhotela chifukwa ankapita kushifiti, dzanja lili m'mwamba. Ine ndinabisa manja onse awiri kumbuyo.

Ku Dedza tinafika kukuzizira, ndipo ndinadwala chimfine mwezi wathunthu. Abambo ankaimba Lachisanu lililonse pafoni ya kugolosale. Ndinkathawira kuseri kwa tchalitchi. Patapita nthawi anayamba kuimba kamodzi pamwezi, kenako pa Khirisimasi pokha. Tinadzaonananso ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, iwo atachita imvi, ndipo tinapatsana moni ngati anthu okumana pamaliro.

Sindikunena kuti anali munthu wopanda cholakwa. Iwo anakansela amayi mwaukali, ndipo zimene anachita kuti ukwati uthe amayi sanazikhululuke. Koma lamulo linali kumbali yawo, pasipoti inali m'loka yawo, ndipo mawu anga a pa boti anali nawo ngati umboni. Akanangokhala chete masiku atatu, ndikanakula nawo. Iwo anamva funso limodzi la mwana pafoni, n'kukasaina okha.

Zimenezo kamtsikana ka makutu aakulu sikakanazimvetsa. Kanakwera ndege kali ndi mkwiyo, kakuwerenga zala zake, kotsimikiza kuti kakanselidwa. Sikanadziwe kuti chidindo chinagwa pa dzina lake, koma amene anachotsedwa patsamba m'mawa umenewo anali bambo uja woima kuseri kwa galasi, dzanja lili m'mwamba, akudikira kuti ndibaibitse.